DISO LA FONI NDI DISO LA KAMERA



M'maphunziro apitawa taphunzira kuwerenga zilembo ndi kuwerengera manambala. Lero tiphunzira za chida chimene ambiri a ife tili nacho m'thumba, kapena chimene ana athu ali nacho. Chida chimenechi ndi foni yojambula zithunzi.

Kale, tikafuna chithunzi, tinkayenda ulendo wautali kupita ku Tete, ku Ulongué kapena ku Lichinga. Tinkavala zovala zathu zabwino, tinkalipira ndalama, ndipo tinkadikira masiku angapo. Lero mwana wa sukulu amajambula agogo ake ali pakhonde, ndipo nthawi yomweyo agogowo amadziona.

Komabe pa ukwati timaonabe wojambula atanyamula kamera yaikulu, ya diso lalitali ngati botolo. Ena a ife timafunsa kuti: Kodi munthu uyu akudzivutitsiranji ndi katundu wolemera, pamene foni imajambulanso? Ena timati: Foni ndi chidole chabe, chithunzi chenicheni ndi cha kamera. Tiyeni tifufuze pamodzi kuti choona ndi chiti.

Nkhani imeneyi ikutikhudza. Munthu wosadziwa chida chake amanamizidwa pa msika, nataya ndalama zimene anakhetsera thukuta m'munda. Ndipo pa tsiku limene chithunzi chikufunika kwambiri, chimatuluka mbuu, chosathandiza aliyense.

MAWU ATSOPANO

Tiyeni tiwerenge mokweza:

ku-wa-la, kuwala
ka-me-ra, kamera
le-nzi, lenzi
se-nsa, sensa
mi-li-mi-ta, milimita

Lenzi ndi diso la kamera. Pa Chipwitikizi amati lente. Ndi galasi kapena pulasitiki yoonekera, yotukuka kapena yolowa pakati.

Sensa ndi kambale kopyapyala kokhala kuseri kwa lenzi. Ndi pamene kuwala kumagwera, ndipo ndi pamene chithunzi chimabadwira. M'makamera akale, pamalo pa sensa pankakhala filimu.

Milimita ndi muyeso waung'ono wa utali. Mamilimita 10 ndiwo sentimita imodzi. Polemba mwachidule timalemba mm.

KUWALA NDIKO KUMANYAMULA CHITHUNZI

Usiku wopanda mwezi sitiona kanthu. Mtengo ulipo, mbuzi ilipo, koma maso athu saziona. Dzuwa likatuluka, kuwala kumagunda mtengo ndi kubwerera kudzalowa m'maso mwathu. Pamenepo ndi pamene timaona. Kamera nayonso imaona chimodzimodzi. Popanda kuwala palibe chithunzi.

Zimenezi anazifotokoza bwino munthu wina wophunzira, dzina lake Ibn al-Haytham, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Iye anabadwira ku Basra, m'dziko limene lero ndi Iraq, ndipo anagwira ntchito ku Cairo, ku Egypt, mu Africa muno. Anaonetsa kuti kuwala kumayenda mowongoka, ndipo kumachokera pa zinthu kulowa m'diso.

Ifenso tikhoza kudzionera tokha. Titenge katoni. Tibowole kabowo kakang'ono ndi msomali mbali imodzi. Mbali inayo tiidule ndi kumatapo pepala loyera lopakidwa mafuta ophikira pang'ono. Tiloze kabowo kuja ku mtengo umene uli padzuwa, tidzifunde chitenje kumutu, tiyang'ane pa pepala. Tiona mtengo uja, koma uli chadodolido, mizu kumwamba, nthambi pansi. Kuwala kochokera kunsonga kwa mtengo kumadutsa pa kabowo ndi kukagwera m'munsi mwa pepala. Kochokera patsinde kumakagwera kumwamba.

Tikayesa tipeza vuto. Kabowo kakakhala kakang'ono, chithunzi chimaoneka bwino koma ndi chamdima. Tikakulitsa bowo, chithunzi chimawala koma chimakhala mbuu. Lenzi ndiyo imathetsa vuto limeneli. Imalola bowo kukhala lalikulu, ndipo imakhotetsa kuwala konse kochokera pa malo amodzi kuti kukakumanenso pa malo amodzi.

Tiyesenso china. Tiike kapulasitiki koonekera pamwamba pa chilembo cha m'buku lino, tidonthetsepo dontho limodzi la madzi. Chilembo chija chikula. Dontho la madzi lagwira ntchito ya lenzi. Mandala amene agogo amavala powerenga ndi malenzinso. M'diso mwathu momwe muli lenzi imene tinabadwa nayo.

MBIRI MWACHIDULE

Chithunzi chakale kwambiri cha kamera chimene chilipo mpaka lero anajambula ndi Nicéphore Niépce, ku France, cha m'ma 1826. Kamera yake inayenera kuyang'ana pa windo kwa maola ambiri.

M'chaka cha 1975, chaka chimene dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu, Steven Sasson, wantchito wa kampani ya Kodak ku America, anapanga kamera yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu 3 ndi theka, ndipo chithunzi chake chinali ndi timadontho 10,000 tokha.

Mafoni oyamba okhala ndi kamera anayamba kugulitsidwa ku Japan m'zaka za 1999 ndi 2000. Lero kamera ili m'thumba la mlimi. Kuti ilowe m'thumbamo, anaichepetsa kwambiri. Kuchepa kumeneku ndiko gwero la kusiyana konse kumene tiphunzire.

KUSIYANA KOYAMBA: KUKULA

Kuwala tikuyerekeze ndi mvula. Mvula ikamagwa, mayi wina amatchera beseni, wina amatchera kapu. Mvula ndi yomweyo, nthawi ndi yomweyo, koma wa beseni amapeza madzi ambiri. Lenzi ya kamera yaikulu ndi beseni. Lenzi ya foni ndi kapu.

Foni ndi yopyapyala, mamilimita 8 kapena 9 basi. Lenzi ndi sensa ziyenera kukwanira m'menemo. M'mafoni ambiri wamba, sensa ndi ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Ndi yaing'ono kuposa njere ya chimanga. M'makamera aakulu a akatswiri, sensa ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, muyeso womwewo wa filimu yakale. Imacheperako pang'ono pa bokosi la machesi.

Tiyeni tiwerengere monga timawerengera kukula kwa munda:

6 x 4 = 24
36 x 24 = 864
864 ÷ 24 = 36

Choncho munda wa kamera yaikulu ukhoza kumeza minda 36 ya foni yotere. Alipo mafoni odula amene sensa yawo ndi yokulirapo, mamilimita 13 ndi 9, koma nayonso siifika pa ya kamera yaikulu.

Masana, dzuwa likuswa mtengo, kuwala ndi kochuluka ngati mvula ya mu Januwale. Kapu nayonso imadzaza. Ndi chifukwa chake chithunzi cha foni chojambulidwa panja masana chimakongola. Madzulo, kapena m'nyumba ya windo laling'ono, kuwala kumakhala ngati mvula yowaza. Beseni limapezabe madzi, koma kapu imangonyowa. Pamenepo chithunzi cha foni chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga.

KUSIYANA KWACHIWIRI: ZOPANGIRA

Chimene timachitcha lenzi imodzi, m'kati mwake muli malenzi angapo osanjikizana. Lenzi imodzi payokha imalakwitsa. Imapinda mizere yowongoka, ndipo imaika utoto wachilendo m'mphepete mwa zinthu. Choncho amaika ina kuseri kwake yokonza zolakwa za inzake. Zimagwira ntchito mothandizana, monga anthu olima dima.

Mu foni mumakhala timalenzi 5, 6, 7 kapena 8, kawirikawiri tonse topangidwa ndi pulasitiki yoonekera. Amatiumba m'chikombole, monga timaumbira njerwa, ndipo amaumba tambirimbiri pa nthawi yochepa. Pulasitiki ndi yopepuka, ndi yotsika mtengo, ndipo imalola kuumbidwa m'maonekedwe ovuta kwambiri. Chimene timachikhudza ndi chala kumbuyo kwa foni ndi kagalasi kotchinga chabe. Timalenzi tili m'kati.

Lenzi ya kamera yaikulu kawirikawiri imapangidwa ndi galasi lenileni, lopalidwa ndi kusalazidwa mosamala. Mwina mumakhala magalasi 6, mwina 15, mwina kupitirira 20. Ndi chifukwa chake imalemera, ndipo nthawi zina mtengo wa lenzi yokha umaposa mtengo wa kamera. Koma imakhalitsa. Lenzi yosamalidwa bwino imagwira ntchito zaka makumi angapo, ndipo imachotsedwa pa kamera yakale ndi kuikidwa pa yatsopano. Lenzi ya foni inamatiriridwa m'kati. Foni ikafa, nayonso yafa.

KUSIYANA KWACHITATU: KHOMO LA KUWALA

Tiyang'ane diso la mphaka. Masana khomo la diso lake limachepa, limakhala ngati kamzere. Usiku limatseguka lonse. Diso lathu limachitanso chimodzimodzi.

Lenzi ya kamera yaikulu ili ndi khomo lotero. M'kati mwake muli timapanga tachitsulo topyapyala timene timatseka ndi kutsegula. Wojambula amasankha yekha kukula kwa khomo. M'mafoni ambiri khomo silisintha. Monga analipangira, ndi momwemo mpaka kale.

Pa bokosi la foni timaona chilembo f ndi nambala, monga f/1.8. Pa lenzi ya kamera timaonanso f/1.8. Wogulitsa akhoza kutiuza kuti ziwirizi ndi zofanana. Tisavomere msanga. Nambala imeneyi imanena kuti tigawe utali wa lenzi ndi 1.8 kuti tipeze kukula kwa khomo. Utali wa lenzi ya foni ndi mamilimita pafupifupi 4.5. Lenzi ya kamera yaikulu yoona malo ofanana ndi amenewo ndi ya mamilimita pafupifupi 27. Tiwerengere:

4.5 ÷ 1.8 = 2.5
27 ÷ 1.8 = 15

Khomo la foni ndi mamilimita 2 ndi theka, ngati njere ya mapira. Khomo la kamera ndi mamilimita 15. Nambala yolembedwa ndi imodzi, koma makomo ndi osiyana. Apa tikuona phindu la kudziwa masamu.

KUSIYANA KWACHINAYI: KUONA ZA KUTALI

Lenzi yaifupi imaona malo aakulu, koma zinthu zimaoneka zazing'ono. Lenzi yaitali imaona malo ochepa, koma imakokera pafupi zinthu za kutali. Ojambula mpira ku bwalo la Zimpeto ku Maputo, kapena ojambula nyama ku Gorongosa, amagwiritsa ntchito malenzi a mamilimita 400 kapena 600. Ena mwa malenzi amenewa amalemera makilogalamu 3. Wojambula amachotsa lenzi yaifupi ndi kuikapo yaitali, monga mlimi amasiya khasu ndi kutenga nkhwangwa. Alinso malenzi ena amene magalasi ake amasuntha m'kati, ndipo lenzi imodzi yomweyo imatha kufupika ndi kutalika.

Mu foni mulibe malo a lenzi yaitali. Opanga mafoni anapeza njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kuika maso awiri kapena atatu kumbuyo kwa foni: lina la malo aakulu, lina la pakatikati, lina la patali pang'ono. Njira yachiwiri ndi kugoneka lenzi yaitali chopingasa m'kati mwa foni, ndi kuika kagalasi kokhotetsa kuwala kuti kulowe m'menemo. Njira imeneyi inadziwika kwambiri ndi foni ya Huawei P30 Pro m'chaka cha 2019. Imapezeka m'mafoni odula.

Nanga tikamatambasula zala ziwiri pa galasi la foni wamba kuti chinthu chiyandikire, chimachitika ndi chiyani? Lenzi siisuntha. Foni imangodula pakati pa chithunzi ndi kukulitsa kachidutswako. Zili ngati kuthira madzi mu thobwa. Chikho chimadzaza, koma ufa sunawonjezeke. Ndi chifukwa chake chithunzi chotere chimakhala chosungunuka. Ngati tingathe kuyandikira ndi miyendo, tiyandikire ndi miyendo.

KUSIYANA KWACHISANU: ZA PATSOGOLO NDI ZA KUMBUYO

Pa chithunzi cha ukwati chojambulidwa ndi kamera yaikulu, nkhope ya mkwatibwi imaoneka bwino kwambiri, koma mitengo ndi anthu a kumbuyo kwake amaoneka mbuu. Izi zimachitika chifukwa cha khomo lalikulu. Khomo likakula, malo ooneka bwino amachepa. Maso a woona chithunzi amapita pa mkwatibwi yekha.

Khomo la foni ndi laling'ono, choncho pafupifupi zonse zimaoneka bwino, za pafupi ndi za kutali zomwe. Apa foni ili ndi ubwino wake. Tikajambula munda umene madzi akokolola, timafuna kuti mizere yonse ioneke, kuyambira pamapazi pathu mpaka kumtsinje. Tikajambula msonkhano wa m'mudzi, timafuna kuti nkhope zonse zidziwike.

Mafoni ena amatsanzira kamera yaikulu pofafaniza za kumbuyo. Ntchito imeneyi siichitidwa ndi lenzi. Imachitidwa ndi kompyuta ya m'kati. Tikayang'anitsitsa m'mphepete mwa tsitsi kapena mwa duku, nthawi zina timaona pamene yalakwitsa.

KUSIYANA KWACHISANU NDI CHIMODZI: KOMPYUTA YA M'KATI

Ngati lenzi ya foni ndi yaing'ono chotere, bwanji zithunzi zake zimakongola? Yankho ndi lakuti mu foni muli kompyuta yamphamvu. Wa kapu akafuna kudzaza ndowa, amatunga maulendo ambiri. Foni nayonso imatero. M'mafoni ambiri amakono, tikadina kamodzi, foni imajambula zithunzi zingapo mofulumira, kenaka imaziphatikiza kukhala chimodzi. Imachotsa mchenga uja, imawalitsa pamene pali mdima, ndipo imawongola mizere imene lenzi inapinda.

Njira imeneyi imayenda bwino ngati chinthu chojambulidwa chili chete. Nyumba, mtengo ndi pepala sizisuntha. Koma mwana wothamanga madzulo, kapena wovina pa moto usiku, amatuluka ngati mzukwa, chifukwa pa chithunzi chilichonse anali pa malo ena. Apa kamera yaikulu imapambana, chifukwa imatunga kuwala kokwanira pa ulendo umodzi.

Palinso china choti tichenjere nacho. Kompyuta ya foni nthawi zina imalosera zimene lenzi sinazione bwino. Imasalaza khungu, imawonjezera utoto, imakongoletsa. Pa chithunzi chotumiza kwa bwenzi, zimenezi zilibe vuto. Koma tikajambula zilonda kapena zidzolo za mwana kuti tikaonetse namwino, chokongoletsa nkhope chiyenera kuzimitsidwa. Chithunzi chokongoletsedwa chikhoza kubisa matenda. Ndipo chithunzi sichilowa m'malo mwa ulendo wa ku chipatala.

TISANAMIZIDWE POGULA

Wogulitsa adzatiuza kuti: Foni iyi ili ndi mamegapikiseli 50, iyo ili ndi 108. Megapikiseli imodzi ndi timadontho 1,000,000 topanga chithunzi. Koma tikumbukire munda uja. Munda waung'ono ukagawidwa kwa anthu ambiri, munda sukula, ndime ndizo zimachepa. Timadontho tikachuluka pa sensa yaing'ono, kalikonse kamalandira kuwala kochepa. Ndi chifukwa chake mafoni ambiri a mamegapikiseli 48 amaphatikiza timadontho 4 kukhala kamodzi, ndipo chithunzi chimatuluka cha mamegapikiseli 12. Kamera yaikulu ya mamegapikiseli 24 imaposa foni ya 108 kukada.

Adzatiuzanso kuti: Onani, iyi ili ndi maso anayi. Tisawerenge maso okha. Pa mafoni ena otsika mtengo, diso limodzi lokha ndilo limagwira ntchito yeniyeni, enawo ndi ofooka kwambiri.

Tisanapereke ndalama, tiyese. Tijambule tsamba la buku lino m'kati mwa sitolo. Tikulitse chithunzicho. Ngati zilembo zikuwerengeka bwino, diso la foniyo ndi labwino pa ntchito zathu. Amene waphunzira kuwerenga ali ndi muyeso wake m'manja.

FONI PA NTCHITO ZATHU

Ambiri a ife sitidzagula kamera yaikulu, ndipo sitifunika kutero. Chofunika ndi kudziwa pamene foni ili ndi mphamvu ndi pamene ili yofooka.

M'munda. M'chaka cha 2016 mu Africa munafika mbozi yachilendo yodya chimanga, ndipo mu 2017 inapezeka m'dziko lathu. Imabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga. Ikakula imadziwika ndi zizindikiro ziwiri: pamutu pake pali chilembo Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho 4 takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Tikafuna kuonetsa mlangizi wa zaulimi, tiike mboziyo pa tsamba, pamalo owala. Tisayandikitse foni kuposa utali wa chikhatho, chifukwa lenzi ya foni siiona bwino chinthu choyandikira kwambiri. Tikhudze pa galasi pamene pali mbozi, tidikire kuti ioneke bwino, kenaka tijambule. Tiike kamtengo ka machesi pambali pake kuti mlangizi adziwe kukula kwake.

Mapepala. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anaononga mzinda wa Beira ndi madera ambiri a pakati pa dziko lathu. Madzi akalowa m'nyumba satenga ufa ndi zovala zokha. Amatenganso chitupa, kalata ya kubadwa, khadi la katemera la mwana ndi mapepala a munda. Tijambule mapepala amenewa lero, madzi asanabwere. Tiyale pepala pansi pamthunzi wowala, foni ikhale pamwamba pake mowongoka, ngodya zonse zinayi zioneke. Tiwerenge chithunzicho kuti titsimikize kuti manambala akuoneka. Chithunzi si chitupa, koma chimathandiza pokapempha china. Zithunzi zotere tisatumize kwa munthu wosamudziwa.

Nkhope. Tikayandikitsa foni pankhope, mphuno imakula ndipo makutu amachepa. Munthuyo sanasinthe, tangoyandikira kwambiri. Tibwerere m'mbuyo mapazi awiri kapena atatu. Dzuwa likhale kumbuyo kwathu kapena chammbali. Likakhala kumbuyo kwa amene tikumujambula, nkhope yake imada.

Madzulo. Tigwire foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire pa thupi. Kapena tiitsamiritse pa mpando kapena pa chitsa. Tipemphe anthu kuti akhale chete kwa kanthawi.

KUSAMALA DISO LA CHIDA

Diso la foni ndi laling'ono, choncho kanthu kakang'ono kamaliphimba lonse. Chala chimene chagwira nsima kapena mafuta chikakhudza pamenepo, zithunzi zonse zimatuluka ngati za m'nkhungu. Ambiri amaganiza kuti foni yaonongeka, pamene yangoda. Tipukute ndi kansalu kofewa koyera. Tiyambe tauzira kuti mchenga uchoke, chifukwa mchenga umakanda galasi. Foni isakhale m'thumba limodzi ndi makiyi kapena misomali.

Lenzi ya kamera yaikulu imaopa fumbi ndi chinyezi. Ikasungidwa ponyowa, m'kati mwa magalasi mumamera nguwi ngati ya pa chimanga chosauma. Iyenera kukhala pouma ndi yovundikira.

Tisayang'ane dzuwa kudzera mu lenzi iliyonse. Lenzi imasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pa malo amodzi mpaka kuyatsa udzu. Ikhoza kutentha diso la munthu mpaka khungu. Tiwauze ana athu zimenezi.

CHITHUNZI NDI MBONI

M'nthawi ya atsamunda, kamera inali m'manja mwa anthu ochepa. Mmodzi mwa ana a dziko lino amene anaigwira bwino ndi Ricardo Rangel, amene anabadwa mu 1924 ndi kumwalira mu 2009. Iye anajambula zimene atsamunda sankafuna kuti zioneke. Anajambula zitseko ziwiri za zimbudzi, china cholembedwa kuti ndi cha amuna, china cholembedwa kuti ndi cha antchito, ngati kuti wantchito si munthu. Anajambulanso mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake anamutentha pamphumi ndi chitsulo chamoto choikira chizindikiro pa ziweto. Zithunzi zake zambiri zinaletsedwa. Ufulu utabwera, mu 1983, anatsegula sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo.

Zithunzi za Rangel zili ndi mphamvu mpaka lero chifukwa iye ankadziwa chida chake, ankadziwa choti ajambule, ndipo sankanama. Lero kamera yafika m'manja mwa anthu ambiri. Udindo umene unali wa ochepa tsopano ndi wa tonse.

Choncho tijambule zoona. Mlatho ukagumuka, mjigo ukaonongeka, denga la sukulu likasasuka, tijambule bwino, tilembe tsiku ndi malo, tikaonetse kwa oyenera kukonza. Tisatenge chithunzi cha kwina ndi kunena kuti ndi cha kwathu. Tisajambule munthu popanda kumupempha, makamaka wodwala, wovulala kapena wofedwa. Pa Gule Wamkulu ndi pa miyambo ina tiyambe tafunsa akuluakulu. Ulemu umene timapereka ndi maso athu tiuperekenso ndi diso la foni.

Tsopano tikhoza kuyankha funso lija. Wojambula wa pa ukwati sakudzivutitsa chabe. Beseni lake limatunga kuwala kumene kapu yathu singathe, madzulo, patali ndi pa zinthu zothamanga. Foni nayonso si chidole. Masana, pafupi, pa zinthu zokhala chete, imagwira ntchito yabwino, ndipo imakhala nafe kumunda, ku msika ndi ku chipatala, kumene kamera yaikulu siifika.

TIYENI TIWERENGE NDI KULEMBA

Kuwala kumalowa mu lenzi.
Lenzi ya foni ndi yaing'ono.
Lenzi ya kamera ndi yaikulu.
Tiyandikire ndi miyendo.
Tijambule zoona.

MAFUNSO

1. Kodi lenzi imagwira ntchito yanji?
2. Chifukwa chiyani chithunzi cha foni chimakongola masana koma chimavuta madzulo?
3. Kodi malenzi a foni amapangidwa ndi chiyani? Nanga a kamera yaikulu?
4. Chimachitika ndi chiyani tikatambasula zala pa galasi la foni wamba?
5. Tchulani zizindikiro ziwiri za mbozi yachilendo yodya chimanga.
6. Sensa ina ndi ya mamilimita 13 m'litali ndi 9 m'lifupi. Werengerani kukula kwake. Kodi masensa otere angakwane angati mu 864?

TIKAMBIRANE

Kodi m'mudzi mwathu muli vuto liti limene chithunzi chingathandize kulifikitsa kwa oyenera? Kodi ndi zinthu ziti zimene sitiyenera kujambula? Aliyense anenepo maganizo ake, amayi ndi abambo omwe.

NTCHITO YA GULU

Tigawane m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lipange kamera ya katoni, ndipo aliyense aone mtengo uli chadodolido. Kenaka amene ali ndi foni abwereke anzake. Aliyense ajambule dzina lake limene walemba yekha m'kope, koyamba padzuwa, kachiwiri m'nyumba. Tifananize zithunzi ziwirizo, ndipo pa phunziro lotsatira tidzafotokoze zimene taona. Amene wamvetsa aphunzitse mnzake amene sanabwere lero.